Mwalemba fomu ola lonse, foni ati "session expired"

Mwaona nchito pa intaneti ndipo deadline ni lelo. Mwagula ka bundle, mwankhala pakona paja pamene network igwila bwino, mwayamba kufaka vonse: dzina, nambala ya NRC, ma results ya Grade 12. Pa bokosi yofunsa chifukwa chamene mufunila nchito, mwalemba Chizungu chamene na imwe simunadziwe kuti muli nacho. Mwadina Submit. Peji yazunguluka, yazunguluka, yabwela na mau yabili chabe: "Session expired". Mwangena futi, fomu ili mbee.

Musaponye foni pansi, siinalakwe. Mukangena na password, kompyuta ya kuja imakupasani nthawi, ndipo imaŵelenga kuchokela pamene munaitumila chinthu komaliza. Manje vuto ni yakuti kulemba m'bokosi sikutuma chilichonse. Mau yali pa foni yanu chabe. Imwe muli busy kuganiza, koma kuja aona monga munachokapo kudala, basi avala chitseko. Mawebusaiti yambili yamapasa mphindi 20 kapena 30, ya mabanki yocepelapo. Acita dala, kuti munthu wina akatola foni yanu asapeze vonse vili poyela.

Cina camene cimadya mafomu ni foni yeka. Ngati ili na RAM ing'ono, mukacoka pa Chrome kuti muone code yamene yabwela pa SMS, olo kuyankha ba mami pa WhatsApp, Android imavala peji ija kuti ipeze malo. Pobwelela, peji iyambilanso. Ikani pamwamba bundle kusila pakati, na malaiti. Amene analembela pa kompyuta mu 2024, madzi yatacepa ku Kariba, adziŵa vamene nikamba.

Nkhani yonse ili apa: osalembela mau yatali mu fomu. Yalembeni coyamba mu Notes, mu Google Keep, kapena dzitumileni mweka pa WhatsApp. Muzalemba mofatsa, data ili off, muli mu minibus yocoka ku Chawama. Mukasiliza, ndiye mungene pa fomu na kucita copy na paste. Mau yamene aja muzayasebenzesa futi pa nchito ina, mungosintha dzina ya kampani. Ndipo kumbukilani kusintha, ambili agwa na ici.

Mapepa nayo yakhale okonzeka musanangene. Kujambula NRC kutsogolo na kumbuyo, kusakila certificate mu sutikesi, kucepetsa cithunzi cakanidwa kuti nicikulu, ndiye vamene vimadya mphindi zija. Fomu ikakhala na batani ya Save, idineni pa peji iliyonse.

Nanga ngati mwalembela kale mu bokosi? Musanadine Submit, sankhani mau yonse mucite copy. Pa Gboard, mukayatsa clipboard, vamene mwakopa vimakhala kwa ola limodzi, ndipo mukacita pin sivicoka. Ikakucotsani musanakope, osadina refresh. Tsegulani tab ina, mungene na password mmenemo, mubwelele ku tab yakale mudine Back. Nthawi zina mau yamapezeka yakali m'bokosi. Nthawi zina, mwandi, yapita.

Ikapita bwino, jambulani screenshot ya peji yamene yavomela, maka-maka reference number. Kudina Submit kabili-kabili cifukwa peji icedwa kungatume fomu kawili, ndiye lindilani, muone mu email ngati mwabwela uthenga.

Ka bokosi ka "Remember me" kamathandiza pa foni yanu mweka, ngati ili na loko. Pa internet cafe ku town olo pa laptop ya mnzanu, osakakhudza. Mukasiliza dinani Log out, mufafanize na ma scan ya NRC yamene yatsala mu Downloads, cifukwa amene azakhala pa mpando uja mukanyamuka simumudziŵa.