Kodi nambala ya pa sipanala imatanthauza chiyani?

Ndili Fomu 2, tayala lakumbuyo la njinga yanga linaphwa. Ndinabwereka sipanala ya 16 n'kuyamba kumasula nati kuti ndichotse tayalalo. Inkangoterereka, ine n'kumakakamizabe, mpaka makona onse a natiyo anaperepeseka. Sabata yonseyo kusukulu ndinapita wapansi.

Amalume, omwe ndi amakaniko, ataiona anangoseka. "Iwe, nati iyi ndi ya 15. Milimita imodzi usaiderere."

Nambala ija sinena kunenepa kwa bawuti ayi. Imanena mtunda, m'mamilimita, kuchokera mbali imodzi yosalala ya nati kufika mbali yoyang'anizana nayo. N'chifukwa chake bawuti ya M6, yonenepa mamilimita 6, imamasulidwa ndi sipanala ya 10. Ya M8 kawirikawiri imafuna 13, koma pa magalimoto a ku Japan, monga Toyota, mupeza ikufuna 12.

Sipanala yokwana bwino imagwira mbali zosalalazo. Ikakulirapo imakankha pamakona pokha, mphamvu yonse n'kuunjikana pakamalo kakang'ono. Mu Physics timati pressure yakwera, ndiye chitsulo chimagonja.

Samalaninso ndi nati za mainchesi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho theka la inchi ndi 12.7. Sipanala ya 13 imalowa pa nati yotere, koma imagwedera.

Lero chida changa cha pamtima ndi soketi ya makona sikisi, chifukwa imakumbatira nati mbali zonse. Inu musanakoke, yambani mwagwedeza sipanalayo pa nati. Ikagwedera, tengani ina.