M'MERA MPOYAMBA: ANA ATHU NDI MABUKU



Mau a Mulungu amene tamva lero achokera m'kalata yachiwiri ya Paulo Woyera kwa Timoteo, mutu 3. M'menemo mtumwi akukumbutsa Timoteo kuti Malembo Oyera adayamba kuwadziwa akali kamwana. Tsono tifunse: adamphunzitsa ndani? Pa chiyambi cha kalata yomweyo Paulo akutchula anthu awiri, agogo ake a Timoteo, a Loisi, ndi mai ake, a Yunisi. Munthu amene pambuyo pake adatsogolera Eklezia wa ku Efeso, seminale yake yoyamba inali miyendo ya mai ndi ya agogo.

Phunziro lathu lero ndi limeneli: sukulu imaphunzitsa mwana kuwerenga, koma kukonda kuwerenga mwana amakutenga kunyumba.

Chiyambire chaka cha 1994, pamene boma lidachotsa fizi ku sukulu za pulaimale, ana adachuluka kwambiri m'makalasi, kotero kuti m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1 amayang'anira ana oposa 100. Mu 2016 boma lidakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi oyamba, ndipo mabuku adagawidwa. Zonsezi nzabwino. Koma mphunzitsi, ngakhale akhale wodzipereka chotani, sangathe kumvetsera mwana aliyense akuwerenga tsiku ndi tsiku. Khutu limene lingathe kutero lili kunyumba.

Inu a ku minda ya tiyi mudziwa bwino za nazale. Kamtengo ka tiyi sikapita ku munda tsiku limene kadulidwa. Kamakhala pa mthunzi miyezi yambiri, kakuthiriridwa madzi pang'ono m'mawa uliwonse, mpaka mizu itagwira. Kakabzalidwa, padzapitanso zaka musanayambe kuthyola masamba odzaza dengu. Koma mtengo umene udasamalidwa bwino ku nazale umabereka mpaka amene adaubzala atakalamba, ndipo adzukulu ake amauthyolabe. Mwana ali chimodzimodzi. Akulu akale adati m'mera mpoyamba.

Wina afunsa kuti: Abambo, kodi buku amadya? Tiyeni tione. Pa sikelo masamba anu akayesedwa, kulemera kwake kumalembedwa. Pa kutha kwa mwezi malipiro anu amabwera ndi pepala. Ku chipatala mankhwala a mwana amalembedwa kuti amwe angati, kangati. Kalata ya ngongole, kalata ya malo, thumba la feteleza, zonsezi zimalankhula mwa zilembo. Munthu wosawerenga amadinda chala pa mau amene wangouzidwa ndi wina, ndipo winayo akakhala wosaongoka mtima, munda umapita. Mwana amene wafika Sitandade 4 akudodomabe powerenga amayamba kuchita manyazi, kenaka amajomba, potsiriza amasiyiratu. Mnyamata amapita ku ganyu, mtsikana amalowa m'banja thupi lisanakhwime. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu: misozi yake idzakhala yathu ife makolo.

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala ya 2001 ndi 2002 adasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake adasowa fizi. Koma sadasiye kuwerenga. Ankapita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya kwao, ndipo m'buku lina la sayansi adaona chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Ndi zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale ya bambo ake adapanga makinawo, nyumba yao niwala usiku. Umphawi udamtsekera chitseko cha kalasi, koma buku lidamtsekulira china.

Nanga tichite chiyani kuti ana athu akonde mabuku?

Choyamba, mwana amayamba kuwerenga ndi makutu. Amene amamva nthano za Kalulu ndi Fisi madzulo, amene amafunsidwa ndagi, amene agogo amamsimbira m'mene makolo ao adafikira kuno kuchokera ku Mozambique, ameneyo amadziwa kale kuti mau ali ndi kukoma. Tsiku limene adzazindikira kuti m'buku mulinso nthano, adzalitsata yekha. Chifukwa chake musaleke kusimba nthano, kaya m'Chichewa, kaya m'Chilomwe. Nkhani za Yosefe ndi abale ake, za Davide ndi Goliati, za mwana wolowerera, ziyambe kumveka pakamwa panu.

Chachiwiri, mwana amakonda chimene akuona akulu akuchilemekeza. Bambo amene satsekula buku chaka chonse, koma amakalipira mwana kuti awerenge, ali ngati munthu wouza mnzake kuti ndiwo nzokoma iye osalawako. Tengani Baibulo, kapena nyuzi ngakhale yakale, muwerenge ana akuona. Ambuye Yesu mwini, monga tiwerenga pa Luka mutu 4, adaimirira m'sunagoge wa ku Nazarete, nawerenga buku la mneneri Yesaya pamaso pa anthu a kwao. Mwana wa m'nyumba ya mmisiri wa matabwa ankadziwa kupeza malo m'buku.

Chachitatu ndikunena ndi inu amene simudapite ku sukulu, ndipo mukuti zimenezi sizikukukhudzani. Zikukukhudzani koposa. Inu simusowa kudziwa zilembo kuti mukhale womvera. Mukatha kudya nsima ya madzulo, uzani mwana wanu kuti: Tandiwerengera zimene mwaphunzira lero. Mvetserani, mfunseni kuti nkhaniyo yatha bwanji, sekani poseketsa. Mwana amene waona kuti mai ake akudikira mau ochokera pakamwa pake amadziona kuti ndi munthu wofunika, ndipo mawa adzafuna kuwerenga bwino koposa. Ndidziwa kuti mumalawirira ku ntchito kusanache ndi kubwerako msana ukuwawa, makamaka nyengo ya mvula pamene masamba achuluka. Sindikupempha maora. Mphindi 15 zikwanira, malinga zikhale za tsiku lililonse. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachinai, musasandutse buku kukhala chikoti. Mwana akalakwitsa liu, mpatseni nthawi, ayesenso. Amene amamenyedwa pa buku adzadana nalo moyo wake wonse. Akafuna kubwereza nthano imodzimodzi kakhumi, mlekeni, pakuti kubwerezako ndiko kumafewetsa lilime. Ndipo nthawi yowerenga ikhale ya ana onse. Si chilungamo kuti mnyamata akhale pa nyale ndi buku pamene mlongo wake akutsuka mbale mumdima. Timoteo adaphunzitsidwa ndi akazi awiri. Tikamana ana aakazi mabuku lero, adzukulu athu adzaphunzitsidwa ndi yani? Nyale ya dzuwa imene imatchajira foni ya bambo iunikirenso buku la mwana.

Nanga mabuku tiwapeza kuti, poti ndalama nzosowa? Mabuku m'chinenero chathu alipo. Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, Malembo Oyera a Akatolika mu 1966, ndipo Buku Loyera, limene Akatolika ndi Akristu a mipingo ina adamasulira pamodzi, mu 1998. Samuel Josia Ntara adalemba Nthondo, John Gwengwe adalemba Kukula ndi Mwambo. Ku Likuni ndi ku Balaka Eklezia wathu wasindikiza mabuku ambiri. Pa Makwasa pompo abale athu a Seventh-day Adventist, amene ali pa Malamulo chiyambire 1902, adamanga sukulu, chipatala ndi nyumba yosindikizira mabuku. Dera limene lidasindikiza mabuku lisakhale dera limene ana ake sawerenga.

Banja limodzi silingagule mabuku khumi, koma mutu umodzi susenza denga. Limana la mabanja 20, banja lililonse litapereka buku limodzi pa chaka, lidzakhala ndi bokosi lodzaza. Inu akatekisiti, sungani bokosilo pouma, lembani m'kope dzina la wobwereka, ndipo musaope kuti mabuku ang'ambika. Buku long'ambika ndi manja a ana laposa buku latsopano lodyedwa ndi chiswe. Pa katekisimu musangoloweza ana mafunso ndi mayankho. Apatseni buku m'manja, aliyense awerengeko ndime. Pa msonkhano wa limana, nthawi zina Mau a Mulungu awerenge mwana amene mwamkonzekeretsa bwino mkati mwa sabata.

M'chaka cha 386, m'munda wina wa ku Milan, Augustino, munthu wophunzira kwambiri koma wosowa mtendere, adamva mau a mwana akuimba kuti atenge buku awerenge. Adatsekula kalata ya Paulo kwa Aroma, natembenuka mtima, ndipo chaka chotsatira adabatizidwa ndi Ambrozio Woyera. Mulungu adagwiritsa ntchito mau a mwana potipatsa mphunzitsi wamkulu wa Eklezia. Madzulo ano itanani mwana wanu, myatsireni nyale, mumve akuwerenga. Kapena Ambuye ali ndi mau oti akuuzeni inu kudzera pakamwa pake.

Maria Woyera ndi Yosefe Woyera, amene adalera Yesu ku Nazarete, apempherere mabanja athu. Amen.