Chiboo Chosamata Ndicho Chimiza Bwato: Matenda Oyenda Okha M'makompyuta

M'boma la Mangochi, kuyambira ku Monkey Bay kufikira ku Namwera ndi ku Makanjira, kompyuta siilinso chuma cha mu ofesi mokha ayi. Aphunzitsi ambiri ali nayo kunyumba, ndipo alemberapo mayeso ndi malikisi a ana. Akalaliki a Boma nawonso atsirizirapo malipoti awo usiku. Ena mwa makinawa anabwera ndi abale a ku Joni atagwira kale ntchito zaka zambiri. Tsono nkofunika kuti eni ake adziwe za mdani amene alowa mosagogoda.

Mdaniyu akatswiri amutcha worm, ndiko kunena kuti nyongolotsi. Vayirasi wamba adikira kuti munthu atsegule fayilo yodwala, koma nyongolotsi iyenda yokha. Ikakhazikika mu kompyuta imodzi, iyamba kufufuza makompyuta ena olumikizana nayo, ndipo ikapeza chiboo m'pulogalamu ya Windows, ilowa ndi kuswana momwemo. Anthu a kunyanja amva msanga fanizo lake, pakuti kachirombo ka likodzo nakonso kalowa pakhungu la munthu wongoima m'madzi, wosamwa kanthu.

Mbiri ya matendawa iphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu. Pa 16 July 2003 kampani ya Microsoft inatulutsa chigamba chomatira chiboo china cha Windows, koma pa 11 August nyongolotsi yotchedwa Blaster inafalikira mwa onse amene anazengereza, nkumawazimitsira makina. Conficker inabuka mu November 2008, chigamba chake chitatuluka kale mu October, ndipo pambuyo pake inayamba kuyendanso m'mafulashi. Pa 12 May 2017 WannaCry inagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko 150, nitsekera mafayilo ndi kufuna dipo la madola 300. Zipatala zina za ku Britain zinafika pobweza odwala. Chigamba chake chinali chitatuluka pa 14 March. Nthawi zitatu zonsezi mankhwala anafika matenda asanabwere, koma anthu sanawalabadire.

Munthu asaganize kuti izi nza kutali. M'chaka cha 2024 mbanda zinathyola makina opangira mapasipoti a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko muno, ndipo mu February Dr. Lazarus Chakwera, amene anali Mtsogoleri wa dziko panthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbandazo zikufuna dipo, koma Boma silipereka. Ntchito inaima masabata angapo, ndipo ku Mangochi, kumene anyamata ambiri adalira pasipoti kuti akagwire ntchito ku South Africa, ambiri anasowa mtengo wogwira. Kumeneko kunali kuthyola kwa dala, kosiyana ndi nyongolotsi yongoyendayenda, komabe kunasonyeza mmene makina akadwala moyo wa anthu uimira.

Nanga mwini kompyuta achitenji? Choyamba, alole Windows kulandira zigamba zake, zimene zitchedwa ma update, mwezi ndi mwezi. Ambiri azimitsa zimenezi poopa kutha kwa bandulo, koma mtengo wa bandulo ngwochepa poyerekeza ndi malikisi a chaka chonse. Adziwenso kuti Microsoft inaleka kusamala Windows XP mu April 2014, Windows 7 mu January 2020, ndipo chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10 chinatha mu October 2025. Kompyuta ya XP kapena ya 7 ndi bwino isalumikizidwe konse ku intaneti.

Chachiwiri, firewall, amene ali ngati mlonda wa pachipata, akhale woyatsa nthawi zonse. Ogwira ntchito m'Boma amene abwera ku misonkhano m'mahotela a ku Nkopola alumikiza makina awo pa Wi-Fi imodzi ndi alendo osawadziwa. Pamenepo ayenera kusankha mawu akuti Public network, kuti kompyuta yawo isatsegukire anzawo.

Chachitatu ndi fulashi. Imene yapita kosindikizitsa mayeso pa boma yalowa pamene mwalowa mafulashi ena ambirimbiri, kotero ipimidwe ndi antivayirasi isanatsegulidwe. Mafoda akasanduka ma shortcut, chimenecho nchizindikiro cha matenda, ndipo asadinidwe.

Chachinai, mafayilo ofunika akhale ndi kope lina pa chosungira chapadera, chimene chichotsedwa pa kompyuta ntchito yokopera ikatha. Ndipo makina akaonetsa zizindikiro, ayambe achotsedwa pa intaneti asanapite kwa mmisiri, kuti asapatsire ena.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lilanga wofalitsa dala mapulogalamu oononga, ndipo linakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa MACRA kuti lithandize pa zovuta zotere. Koma lamulo silingabweze mayeso otayika usiku woti mawa ana alembe. Kompyuta ya kunyumba ikadwala, fulashi itengera matendawo ku sukulu ndi ku ofesi ya Boma m'mawa mwake. Msodzi wanzeru amata bwato lake lili pamtunda, mwera usanayambe.