Kapinga safa ndi ludzu, mabwana tsekani mipope

Mukadutsa ku Namiwawa mu Okutobala mupeza kapinga ali biriwiri, paipi ikulavula madzi usana wonse. Ku Ndirande amayi ali pamzere ndi zigubu chiyambire m'bandakucha. Chonsecho madzi ambiri a mu Blantyre amachita kupopa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry.

Ine ndikuti kapinga wathuyu safuna zonsezo. Dzuwa likaswa mtengo amangouma masamba, mizu ili moyo pansi. Mvula yoyamba ikangogwa, basi waphuka. Ngakhale chilala cha 1992 chija chidamulephera, mpaka lero alimi akulimbana naye m'minda. Wovuta ndi Kikuyu, udzu wochokera kumapiri a ku Kenya, womwa ngati chidakwa. Inu ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu, bwana akafuna udzu wapakhomo, m'gulitseni kapinga wamba.