Chikomekome cha laputopu ya m'katoni

Masiku ano laputopu yalowa m'gulu la katundu wa pakhomo. Mwana wa ku koleji akufuna polembera ntchito za m'kalasi, mphunzitsi akufuna pokonzera mayeso ndi kusungira malikisi, mayi wa geni akufuna powerengetsera ndalama zake, ndipo madzulo banja lonse limaunjirira makina omwewo kuonera filimu. Zonsezi ndi ntchito zopepuka, zosalira kompyuta yamphamvu ngati ya ojambula mapulani a nyumba kapena okonza mavidiyo. Chovuta ndi thumba. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja adakwera mtengo, moti munthu wolowa m'shopu ku Limbe kapena ku Old Town mu Lilongwe ndi ndalama zowerengeka amapeza njira ziwiri. Ina ndi laputopu yatsopano ya mtengo wapansi penipeni, yonyezimira, ili m'katoni mwake. Ina ndi yogwirapo kale ntchito kunja, zija ogulitsa amati ex-UK, yokalikakalika m'makona. Mtima umathamangira ya m'katoni, koma pa ndalama zofanana, yakale ija ikasankhidwa mosamala ndi imene imatumikira banja zaka zambiri.

Tiyambe taona zimene zili m'mimba mwa yatsopano yotchipayo. Kuti kampani igulitse makina pa mtengo wotero imayenera kudula penapake, ndipo imadula posaoneka ndi maso. Kawirikawiri mumakhala purosesa ya Celeron, RAM ya 4 GB, ndi kosungira zinthu kotchedwa eMMC ka 64 GB. RAM ndi malo amene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo. Malowo akachepa, mungotsegula masamba angapo pa Chrome kwinaku Word ili chitsegulire, basi mwayamba kudina n'kumadikira. Kampani ya Microsoft imanena kuti Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB ndi posungira posachepera 64 GB, kutanthauza kuti laputopu imeneyi imatuluka m'fakitale ili kale pa malire, ndipo Windows payokha imadya gawo lalikulu la malowo musanaikemo chithunzi n'chimodzi chomwe. Choipitsitsa n'chakuti m'makina ambiri otere RAM ndi eMMC zimakhala zowotchereredwa pa bolodi, choncho ngakhale mutapeza ndalama chaka chamawa, palibe mmisiri angakuonjezereni. Kunja kwake ndi pulasitiki yopyapyala, ndipo mahinji ogwira sikirini amamangidwa pa pulasitiki yomweyo. Ana akamatsegula ndi kutseka tsiku ndi tsiku, mpomwe pamayambira kung'aluka. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Yakale ija ili ndi mbiri ina. Makampani akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America amagulira antchito awo makina ambirimbiri nthawi imodzi, ndipo pakatha zaka zitatu kapena zinayi amawasintha onse, owonongeka ndi abwino omwe. Ndiwo amafika kuno, ndipo mayina ake ndi odziwika: ThinkPad ya Lenovo, Latitude ya Dell, EliteBook ndi ProBook za HP. Makina amenewa ali atsopano adali odula kwambiri, chifukwa adapangidwira munthu wowanyamula m'chikwama tsiku lililonse, komanso adapangidwa kuti amisiri a pa kampani aziwakonza msanga. Mukamasula masikuluwu ochepa pansi pake, RAM, disiki ndi batire zili poyera. Mabuku ofotokoza kamasulidwe kake makampaniwa amawaika pa intaneti mwaulere, ndipo popeza makinawo adapangidwa ochuluka, kiyibodi, sikirini ndi chaja zake sizisowa. Chitsanzo ndi ThinkPad T480 ya 2018, yomwe ili ndi malo awiri oikamo RAM ndiponso batire lakunja longosolola ndi dzanja. Kwa munthu wa ku Mzimba kapena ku Nsanje, kutali ndi shopu imene adagula, funso lalikulu ndi lakuti makinawo akadwala angachiritsidwe ndi mmisiri wa pa boma pomwepo kapena ayi.

Komabe si laputopu yakale iliyonse yoyenera kugula, ndipo ambiri amapusitsidwa ndi dzina la purosesa. Wogulitsa akati "iyi ndi Core i7, bwana," wogula amaona ngati watola, poganiza kuti 7 amaposa 5 nthawi zonse. Chofunika kwambiri ndi m'badwo wa purosesayo, ndipo umaoneka pa nambala yotsatira kamzere. Core i7-3520M ndi ya m'badwo wachitatu, ya 2012, ndipo ili ndi mitima iwiri yogwirira ntchito, pomwe Core i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, ya 2017, ili ndi mitima inayi ndipo imaisiya kutali i7 yokalambayo. Kuyambira m'badwo wa 10 muziwerenga manambala awiri oyamba, monga 11 pa i5-1135G7. Nkhani ya m'badwoyi yakula chifukwa pa 14 Okutobala 2025 Microsoft idatseka chithandizo chake cha nthawi zonse cha Windows 10, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel oyambira m'badwo wa 8. Ikakhala purosesa ya AMD, kuti musavutike, funani Ryzen 3000 kapena yoposerapo. Makina akale kuposa apa angathe kugwirabe ntchito bwino ndi Linux Mint, yomwe ndi yaulere, koma imeneyo ndi njira ya munthu wokonzeka kuphunzira zatsopano, osati ya banja longofuna Word ndi Excel zimene lidazolowera. Msampha wina ndi kukula kwa disiki. Hadi disiki ya 1 TB imamveka yaikulu, koma m'kati mwake muli mbale yozungulira ndi kasingano kowerenga, choncho imachedwa ndipo laputopu ikagwa ili yoyaka, zithunzi za ukwati zingapite zonse. Disiki ya mtundu wa SSD ilibe chozungulira, imafulumira kangapo, ndipo ya 256 GB ndi yokwanira pakhomo. RAM ikhale 8 GB. Zonsezi musazimvere pakamwa pa wogulitsa kapena pa sitika: tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, makinawo adzanena okha.

Wina anganene kuti zonsezi n'zabwino, koma batire la laputopu ya zaka zisanu ndi lotopa, ndipo m'dziko la magetsi ozimazima batire ndiye moyo wa makina. Mfundo imeneyi ndi yoona ndipo ndi yolemera kuposa zotsutsa zina zonse. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene adali ndi laputopu yongoyaka ili pa soketi adaiona ngati chokongoletsera patebulo. Koma kutopa kwa batire kumapimika musanapereke ndalama. Pa Command Prompt lembani powercfg /batteryreport, ndipo Windows itulutsa lipoti loonetsa manambala awiri: Design Capacity, mphamvu imene batire lidabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, imene latsala nayo. Yachiwiriyo ikakhala theka la yoyamba, mtengo wa batire latsopano uchotsedwe pa mtengo wa laputopu, apo ayi mupite shopu ina. Ngati pansi pa makina kapena pogwira ndi chala paja patukuka, ndiye kuti batire lafufuma, ndipo limenelo lingathe kuyaka moto. Batire ndi chinthu chosinthika, pomwe RAM yowotchereredwa ya m'makina atsopano aja ndi chilema chobadwa nacho. Chaja nayo muiyang'ane. Yachinyengo imapepuka m'manja ndipo imatentha msanga, ndipo ngakhale yeniyeni ndi bwino kuizula magetsi akazima, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Chotsutsa chachiwiri ndi waranti. Yatsopano imabwera ndi chaka chimodzi, yakale nthawi zambiri ndi mwezi kapena miyezi itatu ya pakamwa. Apa yatsopano yapambanadi, ngakhale kuti waranti imakonza chimene chaonongeka, siichiritsa kuchedwa, ndipo mahinji othyoka amawerengedwa kawirikawiri ngati kusasamala kwa mwini. Chitetezo cha wogula yakale ndi mphindi makumi atatu za m'shopu. Mulembe chilembo chilichonse cha pa kiyibodi, mulowetse fulashi pa bowo lililonse la USB, muyese kamera, sipika ndi Wi-Fi, muike tsamba loyera pa sikirini kuti madontho ndi mizere zionekere, mumvetsere ngati fani ikulira mokhadzula. Mupemphenso wogulitsa alowe mu BIOS inu mukuona, chifukwa makina ena ochokera m'makampani amabwera ndi pasiwedi imene palibe akuidziwa. Pomaliza lisiti ilembedwe, yokhala ndi nambala ya makina yolembedwa pansi pake ndi masiku a waranti. Popanda pepala limeneli, ngakhale a Competition and Fair Trading Commission, omwe amamva madandaulo a ogula, angavutike kukuthandizani. Lisiti imatetezanso ku china: laputopu ya pa Facebook yotchipa modabwitsa, yopanda chaja, mwini wake ali pa changu, ikhoza kukhala yakuba, ndipo wopezeka nayo ndi amene amayamba kuyankha kupolisi.

Sikuti chatsopano chilichonse n'choipa. Amene thumba lake lingafike pa laputopu yatsopano ya Core i5 kapena Ryzen 5, ya RAM 8 GB ndi SSD, agule ndithu, wapeza zonse ziwiri. Mkangano uli pa mtengo wapansi paja, pamene mabanja ambiri aima. Ndipo ambiri sagula okha, amatumiziridwa ndi m'bale wa ku Joni kapena ku UK, amene naye chifukwa cha chikondi amathamangira ya m'katoni kuti kumudzi asati watumiza zotha. M'bale woteroyo muuzeni manambala, osati mtundu wa chikuto: m'badwo wa 8 kapena woposa, RAM 8 GB, SSD 256 GB, ndi chithunzi cha lipoti la batire pa WhatsApp asanalipire. Yochokera ku UK pulagi yake imalowa m'masoketi athu mosavuta. Ya ku South Africa imabwera ndi mano ozungulira, koma chaja za laputopu zimalandira magetsi kuyambira 100 mpaka 240 V, choncho mungosintha chingwe cha ku khoma chokha.