Bwanji wailesi imadula mawu pakamwa?

Anthu ambiri a kuno ku Chifunde, kuyambira ku Mualadzi mpaka ku chipata cha Cassacatiza, ali ndi dandaulo limodzi pa nkhani ya wailesi. Iwo akuti mfumu ikamalankhula kapena mlangizi akamafotokoza za mbewu, muulutsi amadula mawu nkhani isanathe nkuikapo malonda a sopo kapena a foni. Oonera kanema m'magolosale nawonso akuti sewero likangofika pokoma penipeni, malonda alowa. Ena amafika poganiza kuti aulutsife ndife amwano, koma nkhani yake yagona pa wotchi.

Nyumba iliyonse youlutsira mawu imakhala ndi ndondomeko ya tsiku lonse yolembedwa kale. Pologalamu iliyonse ili ndi malire ake ngati munda, ndipo wodutsa malirewo walima m'munda wa mnzake. Wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete, yomwe imaulutsa m'Chinyanja, Chinyungwe, Chisena ndi Chipwitikizi, imayenera kugawa tsiku kuti chinenero chilichonse chipeze mpata. Komanso pali nthawi zina pomwe imalumikizana ndi likulu ku Maputo kuti anthu amve nkhani za dziko lonse. Nthawiyo ikakwana a ku Maputo sadikira munthu, ngakhale wolankhulayo akhale mfumu yaikulu.

Tiyerekeze pologalamu ya alimi ya mphindi 30. Nyimbo yotsegulira ndi malonje zimadya mphindi imodzi, kutsanzika imodzinso, malonda mphindi 4. Zotsala ndi mphindi 24 basi. Tsono ngati muulutsi anajambula mawu a ola lathunthu kumudzi, ayenera kukhala pansi nkupeta ngati chimanga, kutaya gaga. Akapanda kusamala amataya ndi mphale yomwe, ndipo apa mpomwe omvera ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira.

Nanga malondawo ngachiyani? Magetsi, makina ndi malipiro a antchito zimafuna ndalama. Mawailesi omwe si aboma, monga Zodiak ya ku Malawi yomwe inayamba mu 2005, amadalira kwambiri otsatsa malonda. Amalondawo amagula nthawi pa masekondi, kawirikawiri 30, ndipo amalipira zambiri madzulo pomwe anthu aweruka kumunda. Nchifukwa chake malonda amachuluka nthawi yomwe inu mwatchera khutu.

Mwambowu ngwakale. Ku America m'zaka za m'ma 1930 makampani opanga sopo ndiwo ankalipirira masewero ambiri a pawailesi, ndipo mpaka lero masewero otere kumeneko amatchedwa ndi dzina la sopo. Malonda oyamba ovomerezeka pa kanema anaoneka ku New York pa 1 July 1941, ndipo anali a mawotchi a Bulova. Masiku ano sewero la theka la ola ku America limakhala la mphindi pafupifupi 22, zotsalazo ndi malonda. Maiko a ku Ulaya ataona kuti zinganyanye anagwirizana mu 1989 kuti malonda pa kanema asapitirire mphindi 12 pa ola. Koma wailesi ya BBC siika malonda pa zomwe imaulutsira anthu a ku Britain chifukwa eni ake amailipirira msonkho.

Kuno kwathu kanema anabwera mochedwa. Ku Maputo anayamba moyeserera mu 1981, pomwe ku Malawi anatsegulidwa mu 1999. Masewero a ku Brazil omwe timawatcha novela amalembedwa dala kuti chigawo chilichonse chithere pa mkangano kapena pa chinsinsi, kuti woonera asachoke pa benchi malonda akamadutsa. Mpira wokha ndiwo umavuta kudula, choncho amalonda amathamangira mphindi 15 zopumulira osewera.

Kwa ife a m'malire, nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Wailesi ndiye mthenga wathu wa maliro, wa katemera wa ana, wa tsiku lotsegulira msika wa fodya ndiponso wa ng'ombe zosowa. Uthenga wa maliro ukachedwa tsiku limodzi, abale a ku Katete kapena ku Mchinji amafika mwambo utatha.

Choncho potumiza uthenga ku wailesi yambani ndi zofunika: dzina, mudzi, mfumu ya dera, tsiku ndi malo. Malonje aatali ndi mayina a akubanja onse ikani kumapeto, kuti ngati nthawi yachepa adule zimenezo. Werengani uthengawo mokweza mukuyang'ana wotchi, ndipo ukapitirira mphindi imodzi ufupikitseni nokha. Utumizeni msanga ndondomeko ya tsikulo isanatsekedwe. Mukafunsidwa mafunso ndi muulutsi, tchulani mfundo yaikulu poyamba chifukwa mawu omaliza ndiwo amagwa.

Aulutsi nafenso tili ndi udindo. Tiyenera kuuziratu mlendo mphindi zomwe ali nazo asanayambe kulankhula, komanso kupewa kuika malonda pakati pa mauthenga a maliro. Wamalonda amalipira ndalama zake pofuna makutu a omvera, ndipo omverawo akakhumudwa nkutseka wailesi, iyenso waluza.