Khofi wa pawindo ndi mawu a Felo Ramírez

Wowerenga wina wandifunsa chimene chinapangitsa anthu a ku Miami ochokera ku Cuba kumkhulupirira kwambiri Felo Ramírez, woulutsa masewera a baseball pa wailesi. Yankho limayambira pa mawindo ogulitsira khofi, monga la pa Versailles, malo odyera omwe anatsegulidwa m'chaka cha 1971 m'dera la Little Havana ku Miami.

Pamenepo wogulitsa amatakasa shuga ndi madontho oyamba a khofi wakuda bii mpaka thovu litachita, kenako n'kuthira wotsalayo. Wogula khofi wotchedwa colada amalandira kapu imodzi ndi timakapu tapulasitiki tating'ono ngati zitsekerero za mabotolo, kuti agawire anzake. Amamwa chiimirire, mkangano wa masewera adzulo uli mkati.

Woulutsa mawu amayesedwa m'mikangano yotereyi. Ramírez, wobadwira ku Bayamo ku Cuba, ankaulutsa masewera a timu ya Marlins m'Chisipanishi kuyambira 1993, ndipo omvera ankamva kalankhulidwe kakwawo kuchokera kwa munthu amene anasiya dziko lake monga iwowo. Ankawadziwa masewerawo mozama: mu 2001 analandira mphoto ya Ford C. Frick, yomwe imaperekedwa kwa oulutsa masewera a baseball. Anamwalira mu 2017 ali ndi zaka 94.